MASHEDI, MALOLE NDI MINDA YA KWA MWASE

Munthu woima m'mbali mwa mseu wocokera kwa Mwase kupita ku boma la Lundazi m'miyezi ya July ndi August sasowa cakuona. M'mamawa kumatsogola ngolo za ng'ombe zodzala ndi matumba a cimanga, soya ndi nshawa. Dzuwa likakwera kumabwera njinga zamoto ndi timagalimoto ta akanta, ndipo cakumadzulo malole aakulu amatuluka ali lefulefu ndi katundu, fumbi lili koboo pambuyo pao. Akuluakulu amene anakula nthawi imene mbeu zonse zinali kugona m'nkhokwe kuseri kwa nyumba amapukusa mitu, cifukwa masiku ano dzinthu zimakhala pakhomo masabata owerengeka cabe, kenaka zimakwera galimoto.

Koma si mbeu zokha zimene zili kuyenda pa mseu umenewu. Kulinso katundu wina amene amabwera kucokera kutali, ndipo uyu ndiye wacilendo kwa anthu ambiri a kumidzi.

MALONDA A PA FONI

Kale munthu wofuna wailesi, nsalu kapena citsulo ca cigayo anali kusunga ndalama ya basi, nadzinyamula yekha kupita ku Chipata, ulendo wa makilomita pafupifupi 180 kucokera ku Lundazi, kapena kupitirira mpaka ku Lusaka. Lero mphunzitsi kapena mnyamata wa kagolosale amangoona cithunzi ca katunduyo pa WhatsApp kapena pa Facebook, amamvana mtengo ndi wogulitsa wa ku Kamwala, amalipira pa Airtel Money kapena pa MTN, ndipo katunduyo amaikidwa m'basi pa Intercity. Patapita tsiku limodzi kapena awiri, mwini wace amakaulandira ku Lundazi, naumangirira pa njinga yamoto kupita nao kumudzi. Mabatire a sola, mafoni, nsapato, mankhwala opopera m'munda, zonsezi zili kufika mwa njira imeneyi.

Boma nalonso linalowa m'njira yofanana nayo. M'nyengo ya ulimi ya 2015/2016 linayamba kuyesa, m'maboma 13, kupatsa alimi a m'cikonzero ca FISP khadi m'malo mwa matumba a fataleza, kuti mlimi azikagula yekha kwa wogulitsa zipangizo zaulimi. M'nyengo ya 2017/2018 njirayi inafalitsidwa m'dziko. Kumene njira imeneyi igwira nchito, wogulitsa aliyense amafunika cipinda cosungiramo fataleza ndi mbeu pafupi ndi alimi.

Apa ndipo pali mutu wa nkhani. Ndalama zikhoza kuuluka m'mlengalenga, koma thumba la fataleza siliuluka. Cinthu ciliconse coguliwa pa foni cimafuna denga loti cigonepo ndiponso mseu woti ciyendemo. Malonda a pa foni akamakula, mashedi amacuruka, ndipo malole amacurukanso. Shedi imamangidwa pa nthaka, ndipo nthaka ya kumudzi ili ndi eni ace.

ZIMENE ZINAONEKA KU MAIKO ENA

Maiko amene anatsogola pa malonda otere ali ndi phunziro kwa anthu a kuno. Kampani ya Amazon inayamba mu 1994 ku America, ndipo poyamba inali kugulitsa mabuku okha pa intaneti. Ku China kampani ya Alibaba inayamba mu 1999, ku South Africa kunabadwa Takealot mu 2011, ndipo ku Nigeria kunabadwa Jumia mu 2012. Mu 2024 Amazon inatsegulanso malonda ace ku South Africa. Makampani otere sadalira masitolo a m'mbali mwa mseu. Mphamvu yao ili m'nyumba zosungiramo katundu, zina zazikuru kuposa mabwalo angapo a mpira ataphatikizidwa pamodzi.

Nyumba zotere sizimangidwa pakati pa mzinda, popeza malo a kumeneko ndi okwera mtengo. Zimamangidwa kunja kwa mzinda, pa malo athyathyathya oyandikana ndi mseu waukuru, ndipo kawirikawiri malo otere ndiwo amene alimi amawakonda. Ku California, cigawo ca San Bernardino ndi Riverside cinali codziwika ndi minda ya malalanje, mphesa ndi makola a ng'ombe za mkaka. Lero mbali yaikuru ya malo amenewo inadzala ndi mashedi olandira katundu wocokera ku madoko a Los Angeles ndi Long Beach. Nchito zinapezeka ndithu, koma pamodzi nazo panabwera malole oyenda usana ndi usiku, utsi ndi phokoso pafupi ndi nyumba za anthu. Madandaulo atakula, boma la California linakhazikitsa lamulo mu 2024 lakuti mashedi aakuru atsopano azitalikirana ndi nyumba za anthu ndi masukulu, ndi kuti malole azikhala ndi njira zao. Lamulolo linadza mashedi ambiri atamangidwa kale. Akulu anati madzi akataika saoleka.

Mwase sali California, ndipo palibe amene ayembekeza kuona nyumba zotere kumalire a Malawi posacedwa. Koma funso lace ndi limodzi: kodi shedi idzaima pati, malo ace adzapereka ndani, ndipo mseu ukaonongeka adzaukonza ndani?

MASHEDI SANAYAMBE LERO

Alimi acikulire a ku Lundazi akumbukira bwino madepoti a NAMBOARD, bungwe limene boma linakhazikitsa mu 1969 kuti lizigula mbeu ndi kugulitsa fataleza, ndiponso akumbukira Eastern Co-operative Union imene inali kugula mbeu m'cigawo ca Kum'mawa. NAMBOARD inathetsedwa mu 1989. Pambuyo pace malonda a mbeu anamasulidwa kuti aliyense agule, ndipo lamulo la mu 1995 linabala bungwe la Food Reserve Agency, limene onse amalidziwa ndi dzina lakuti FRA. Bungweli limatsegula timadepoti tating'ono m'midzi nyengo ya malonda, kenaka limasamutsa mbeu kupita ku mashedi aakuru.

Pambali pa FRA panabwera makampani a thonje, a fodya ndi a soya, bungwe la COMACO limene linayambira nchito zace m'boma la Lundazi mu 2003, ndiponso amalonda a cikwama m'manja amene amapacika sikelo pa mtengo uliwonse wa mthunzi. Aliyense wa iwowa amafuna poika katundu. Ndico cifukwa cace pa timisika ta m'mbali mwa mseu pali kumera zipinda za njerwa zofoleredwa ndi malata, zopanda mazenera, zimene zaka makumi awiri zapitazo kunalibe.

Ubwino wa shedi palibe angaukane. Cimanga counjikidwa pansi pa tenti cimaola mvula ikafulumira, pamene ca m'shedi yabwino cimafika caka camawa. FRA imafuna cimanga couma bwino, cimene cinyezi cace sicipitirira 12.5 peresenti, cifukwa cimanga conyowa cimacita cuku, ndipo cuku cina cimabala poizoni amene amadwalitsa anthu ndi ziweto. Nshawa za Chalimbana, zimene kale zinali kunyadiridwa m'misika ya ku Ulaya, zinataya msika umenewo, ndipo cimodzi mwa zifukwa zace cinali cuku comweci. Depoti ikakhala pafupi, mlimi sataya ndalama zambiri pa ngolo, ndipo anyamata amapezapo ganyu yonyamula ndi kusoka matumba.

Palinso njira ina imene alimi ambiri sanaimvetse bwino. Lamulo la Agricultural Credits Act la mu 2010 linalola kuti mlimi asungitse mbeu zace m'shedi yovomerezeka, napatsidwa risiti losonyeza kulemera ndi mtundu wa mbeuzo. Mu 2014 boma linapatsa bungwe la ZAMACE udindo woyang'anira mashedi otere. Colinga cace n'cakuti mlimi asagulitse zonse mu June mitengo ili pansi, koma adikire, kapena akongole ndalama posonyeza risitilo. Makopaletivu a kwa Mwase acita bwino kufunsa alangizi a zaulimi za njira imeneyi.

MSEU UMAMVA KULEMERA

Walira mvula walira matope. Wopempha depoti wapemphanso malole, ndipo masamu ace ndi osabvuta. Lole ya matani 30 imanyamula matumba 600 a makilogalamu 50. Mwacitsanzo, depoti imene yagula matumba 30,000 imafuna maulendo 50 a malole otere kuti ikhale yopanda kanthu. Kuti matumba omwewo afike pa depotipo, ngolo yonyamula matumba 10 iyenera kuyenda maulendo 3,000. Zonsezi zimacitika m'miyezi itatu kapena inai, pa mseu umodzi umene ana a sukulu, amai opita ku cipatala ndi okwera njinga amayendamo.

Kukolola kukacuruka, katundu wa pa mseu amacurukanso. Mu 2024, caka ca cilala, dziko la Zambia linakolola cimanga cokwana matani pafupifupi 1.5 miliyoni, koma mu 2025 linakolola matani oposa 3.6 miliyoni. Cimwemwe ca mlimi ca caka cotere cimagwera pa msana wa mseu.

Akatswiri a miseu anayesa nkhaniyi ku Illinois, ku America, pakati pa 1958 ndi 1960, poyendetsa malole olemera mosiyanasiyana pa miseu yoyesera. Anapeza kuti kuonongeka kwa mseu sikukwera molingana ndi kulemera, koma kumathamanga kwambiri. Kulemera kwa pa ekiselo imodzi kukawirikizidwa kawiri, mseu umaonongeka pafupifupi nthawi 16. Ekiselo yoyenera kusenza matani 10 ikasenzetsedwa matani 12, cionongeko cace cimawirikiza kawiri. Njinga cikwi cimodzi siziufika mseu pamene lole imodzi yodzazitsa imaufika. N'cifukwa cace bungwe la Road Development Agency, limene linabadwa ndi lamulo la Public Roads Act la mu 2002, limaika masikelo oyezera malole pa miseu yaikuru, ndipo lamulo silimalola lole pamodzi ndi katundu wace kupitirira matani 56.

Koma sikelo zimenezi zili pa miseu ya tala, pamene timiseu ta m'midzi tilibe woyeza. Kamlatho kamene kanamangidwira ngolo ndi thalakitala kakaponderezedwa ndi lole ya matani 30, kamayamba ming'alu mu August, ndipo madzi a mu January amakamaliza. Pamenepo lole ija ili kutali, ndipo wobvutika ndi mai wapakati amene ambulansi yalephera kumfikira. Kubwera kwa fataleza kumaonjezera bvutoli, pakuti fataleza akacedwa amafika mvula itagwa kale, nthaka ili yofewa, ndipo mateyala amakumba maenje amene amakhala caka conse.

Anthu a ku Lundazi safunika kuuzidwa za kufunika kwa mseu wa ku Chipata, cifukwa ndiwo mtsempha umene mbeu zao zimatulukira ndi katundu wa m'masitolo amalowera. Ku Chipata katunduyo amakumana ndi Great East Road, cipata ca Mwami, ndi njanje ya Chipata ndi Mchinji imene inatsegulidwa mu 2010. Kum'mawa kuli cipata ca Lusuntha cotulukira ku Jenda m'dziko la Malawi. Dziko la Mwase lili pakati pa njira zimenezi, ndipo wamalonda wanzeru amaona msanga kuti malo a m'mbali mwa mseu wa kumeneko adzakhala a mtengo wapatali. Eni malowo ayenera kuona zimenezi msanga kuposa iye.

NTHAKA IKAPITA SIBWERA

Nthaka ya kwa Mwase ndi ya makolo. Imasungidwa ndi Mfumu Yaikuru Mwase pamodzi ndi nduna ndi mafumu a midzi, ndipo banja lililonse limalima pamene makolo ace analima. Lamulo la Lands Act la mu 1995 limanena kuti nthaka yonse ya Zambia ili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu, ndipo limalola kuti malo a makolo asandutsidwe a taitolo, ya zaka zofika 99, ngati mfumu ya dzikolo ndi khonsolo zabvomereza. Lamulo lomwelo limafuna kuti anthu amene nkhaniyo iwakhudza afunsidwe malowo asanaperekedwe.

Wamalonda wofuna kumanga shedi ya ndalama zambiri amafuna taitolo, popeza banki simkongoza ndalama popanda pepala limenelo. Zimenezi si zolakwa. Koma a pamudzi ayenera kudziwa kuti malo akalowa pa taitolo acoka m'manja mwa mfumu. Mwini taitolo akhoza kuwagulitsa kwa munthu wina amene mudzi sumdziwa, ndipo akalephera kubweza ngongole, banki ikhoza kuwatenga. Lamulo la mu 1995 silinaike njira yobwezera malo otere kwa makolo. Mnyamata amene lero wasinthanitsa munda wa m'mbali mwa mseu ndi njinga yamoto adzaona njingayo itatha patapita zaka zisanu, koma mpanda wa waya udzakhala ulipo pamene adzukulu ace adzafuna polima.

Ndiponso shedi simadya malo a cipupa cace cokha. Imafuna bwalo lotembenukirapo malole, poimika ngolo, cimbudzi ndi nyumba ya mlonda. Pambali pace pamamera timasitolo, mabala a mowa ndi zipinda zogona madalaivala. Madzi ocokera pa denga lalikuru la malata amathamangira malo amodzi, nakumba ngalande m'munda wa mnansi. Kanjira ka ng'ombe kopita ku dambo kakatsekedwa ndi waya, milandu ya ziweto zolowa m'minda imayamba kucuruka pa bwalo la mfumu.

Cinanso ndi mankhwala. M'mashedi a mbeu amapheramo anankafumbwe ndi mapiritsi otulutsa mpweya wa poizoni wochedwa phosphine. Mpweya umenewu umapha tizirombo, ndipo umaphanso munthu amene waupuma m'cipinda cotseka. Shedi yotere siyenera kugundana ndi nyumba yogonamo anthu, ndipo mapiritsi amenewa sayenera kulowa m'nyumba ya banja ngakhale pang'ono.

ZOFUNSA MALO ASANAPEREKEDWE

Safunsa anadya phula. Mlendo akafika ndi pempho la malo omangapo shedi, mudzi sulakwa kumlandira ndi ulemu, koma pali mafunso amene ayenera kuyankhidwa pa bwalo, anthu onse akumva, amai ali pomwepo, cifukwa kwa Acewa minda yambiri imayenda ndi mbumba.

Coyamba ndi kukula kwa malowo. Ayezedwe ndi cingwe, malire ace aikidwe zizindikiro pamaso pa mboni, ndipo zilembedwe. Mau akuti "kucokera pa mtengo uwo kufika pa culu ico" ndiwo amabala milandu.

Caciwiri ndi mtundu wa nthaka. Shedi simasowa nthaka yaconde. Malo a miyala kapena a nsangalabwi amaikwanira bwino, ndipo ndi olimba kwa malole. Munda wabwino, dimba, dambo, msipu ndi manda zisakhudzidwe.

Cacitatu ndi njira ya kaperekedwe. Pali kusiyana pakati pa kubwereketsa malo kwa zaka zowerengeka, wobwerekayo namalipira caka ndi caka, ndi kuwapereka pa taitolo. Kumene kungatheke, kopaletivu ya alimi eni ace imange shedi ndi kuibwereketsa kwa ogula mbeu. Potero nthaka imatsala pamudzi ndipo lendi imalowa m'thumba la mamembala.

Cacinai ndi mseu. Cipata ca shedi cisayang'anane ndi sukulu, cipatala kapena cigayo. Nyumbayo isalowe m'malo amene lamulo limasiyira mseu mbali zonse ziwiri, ndipo malole akhale ndi poima m'kati mwa mpanda, osati pa mseu. Mwini shedi alonjeze polemba kuti adzathandiza kukonza kamseu ndi timilatho timene malole ace adzayendamo, ndi kuti malole olemera sadzalowa m'timiseu ta dothi mvula itagwa.

Khonsolo nayonso ili ndi mbali yace. Kucokera mu 2018, pamene Chasefu ndi Lumezi anakhala maboma paokha, khonsolo ya Lundazi inatsala ndi dera locepa, lotheka kuliyang'anira bwino. Lamulo la Urban and Regional Planning Act la mu 2015 limalola khonsolo kupangana ndi mafumu za kakonzedwe ka malo a makolo. Mfumu, nduna ndi khonsolo akakhala pansi nasankhiratu malo a mashedi pa kamsika kalikonse, wamalonda adzapeza pomanga popanda kunyengerera mabanja mmodzimmodzi. Ndalama za CDF, zimene mu 2022 zinakwera kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsticuwense iliyonse, zikhoza kuthandiza pa timilatho ndi timiseu topita ku madepoti, ngati makomiti a m'mawodi apempha zimenezi m'nthawi yace.

NKHOKWE YA PAKHOMO

Pali shedi imodzi imene simafuna taitolo, simaitana lole ndipo simakumba mseu. Imeneyo ndi nkhokwe ya kuseri kwa nyumba, kapena matumba osalowa mpweya amene mabanja ena ayamba kusungiramo cimanga. Pa 29 February 2024, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala casanduka tsoka la dziko lonse, mabanja amene anagulitsa zonse caka cam'mbuyo anaona cimanga cikugulidwa pa meda ndi mtengo woposa umene iwo analandira. Thumba limene linacoka pamudzi mu July likabwerera mu February limakhala litasenza mtengo wa lole, wa shedi ndi phindu la wamalonda.

Foni yafupikitsa ulendo wa ku Lusaka, ndipo palibe wanzeru amene angafune kubwerera ku masiku ogona pa sitesheni kudikira basi. Mashedi adzamangidwa ndipo malole adzabwera, pakuti dziko la Mwase limabala cakudya ndipo anthu ace ali ndi zofuna kugula. Cimene cili m'manja mwa mafumu, makhansala ndi eni mbumba ndico kusankha pamene shedi idzaima, zisanakumbidwe ziciri za maziko. Banja lililonse liyambe lawerenga matumba odya mpaka kukolola kwina, ndipo mudzi uliwonse uyambe wawerenga ana amene adzafuna minda. Zotsala pamenepo ndizo za malonda.